Usiku Wachiwiri mu Wodi ya Mafupa, Aberdeen

Andiika bondo lachitsulo Lolemba.
Lakale lija linathera pa simenti yonyowa ya ku Peterhead,
zaka makumi atatu ndi zinayi ndikutumbula nsomba chiimirire,
ndipo sindinalitsanzike. Ndinali m'tulo.

Tsopano kunja kuli zii.
Tilimo atatu m'chipinda muno, tonse tili maso,
tikuyerekeza mankhwala monong'ona
ngati anthu ofunsana mitengo ya malasha.

Ishbel wa pazenera wafumbata batani la mofini.
Akalidina makina amalira kamodzi, pii,
kenako amamukana kwa mphindi zisanu
ngakhale adine mpaka chala chichite dzanzi.
Akuti ululu suchoka, umangosamukira chipinda china
n'kumamvekera kukhoma ngati wailesi ya aneba.
Koma mphuno akuikanda mosalekeza,
ndipo tiyi wamadzulo wam'bweza yense m'kambale kakatoni.

Morven wa pakhomo, wachiuno chatsopano, anam'patsa tiramado.
Akuti denga likupendama ngati sitima ya ku Lerwick pa mkuntho.
Kodini anamuyesa chaka chatha, pa chiuno chinacho:
masiku asanu osaona chimbudzi,
akutero akuseka, n'kusiya msanga
chifukwa kuseka kukukoka ulusi pa bala.

Ine kakapu kanga kali pa tebulo chiyambire teni koloko.
Kam'bulu kamodzi. Okisikodoni.
Ndikukadziwa.
Ndinkapeza timapepala take topanda kanthu
m'matumba a jekete la Ruaridh pochapa,
atavulala msana pa boti.
Dotolo anamulembera a milungu iwiri.
Milungu iwiriyo inadya galimoto, inadya banja,
inadya mphete ya mayi anga.
Ali moyo. Amakhala ku Dundee.
Amaimba foni pa Khirisimasi.

Namwino Catriona walowa ndi katochi kake.
Funso lake lomwe lija: pakati pa ziro ndi teni, ululu uli pati?
Ndati folo.
Wayang'ana nsalu yomwe ndaipota m'nkhonya.
Mayi Buchan, akutero, kukacha bondoli mulipinde,
muyende ndi ndodo mpaka pakhomo apo.
Ndi panado yekha simukafika,
ndipo bondo losapindidwa limauma.

Ndamuuza za Ruaridh.
Sindimafuna, zangotuluka zokha.

Sananene kuti musaope.
Wakoka mpando, wakhala pansi,
watembenuza pepala losankhira chakudya chamawa
n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake:
lero angati, mawa angati,
tsiku lochepetsa, tsiku losiyiratu,
zoti dotolo adzazione m'mawa,
ndi dzina la wosunga kabokosiko kunyumba,
mkulu wanga Jessie, amene sabwereketsa ngakhale shuga.
Mukafuna wina tidzafunse, akutero,
koma onsewa ndi pachibale. Palibe mngelo pakati pawo.

Ndameza ndi madzi ofunda.

Mbalame za kunyanja zayamba kukangana
padenga la koimika magalimoto.
Ishbel wadina batani. Pii.
Morven wagona kukamwa kuli yasa.

Patapita theka la ola bondo latsitsa mawu,
ndipo kafundidwe kena kakwera m'mapewa pang'onopang'ono
ngati bulangeti loyanikidwa pa chitofu,
kamasula nsagwada, kamasula nkhonya,
kamasulanso zina zomwe sindinakatume,
ngongole, manda a Dougal, foni yosalira ija.

Ndiye n'chimenechi, mwana wanga.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukufunsa mokalipa
kuti unkapezamo chiyani.

Pepala lija ndaliika pansi pa pilo.
Mbali ina kuli masiku anga owerengeka,
mbali inayo ndachonga phala, tositi ndi dzira lowiritsa.